Za Kunyanja: Pulogalamu ya pa foni isankhidwe ngati injini ya boti

Nkhani ya mapulogalamu a pa foni yafika ndithu m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja m'boma la Lago. Kuyambira ku Meluluca, kudutsa pa Metangula ndi Messumba mpaka kukafika ku Cobué, si chachilendo kumva kuti kwabwera alendo a bungwe lakutilakuti, kapena mnyamata wa m'mudzi momwemo amene adakaphunzira ku Lichinga, ndi maganizo akuti komiti isiye kulemba m'kope ndipo iyambe kusunga zonse pa foni.

Maganizo amenewa ndi abwino. Kope limanyowa m'boti, limadyedwa ndi chiswe, ndipo mlembi akasamuka nthawi zina limasamuka naye. Makomiti a asodzi amene pa Chipwitikizi amadziwika kuti CCP, magulu osunga ndalama ndi kubwereketsana, ngakhalenso mipingo, onse ali ndi zolemba zimene zikatayika pamabuka mkangano woti abale a bere limodzi n'kusiya kupatsana moni.

Koma pamisonkhano yotere anthu amakonda kufunsa za mtengo wa foni ndi tsiku limene maphunziro ayambe. Funso lakuti pulogalamuyo imangidwa pa chiyani amalisiyira odziwa makompyuta. Chonsecho funso limeneli ndi limene lidzagamule ngati pulogalamuyo idzakhale ikugwirabe ntchito patatha zaka zitatu, alendo aja atanyamula zikwama zawo.

Akatswiri a makompyuta ali ndi mawu akuti platform, ndipo mawu akunyanja oyandikana nawo ndi nsanja. Mayi woyanika usipa amadziwa kuti nsomba zingakhale zabwino chotani, nsanja ikakhala ya mitengo yofumbwa zonse zigwera mumchenga. Pulogalamu nayo siima payokha, imatsamira pa zinthu zimene ena adamanga kale.

Pulogalamu ya pa intaneti ili ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi imene munthu amaiona pa foni, pamene amalemba kuti lero boti lakuti labwera ndi ndowa zingapo za usipa. Mbali yachiwiri ili kutali, pa kompyuta yaikulu yotchedwa seva, imene ikhoza kukhala ku Maputo, ku Johannesburg kapena ku Ulaya, ndipo kumeneko ndi kumene zolembedwa zonse zimasungidwa. Motero komiti ikamasankha nsanja imakhala ikusankha zinthu zitatu nthawi imodzi: njira imene foni idzalankhulire ndi seva, zipangizo zimene womanga adzagwiritse ntchito, ndiponso munthu amene adzasunge kiyi wa nkhokwe ya zolembazo.

Njira zitatu za foni

Njira yoyamba ndi imene aliyense wa kunyanja amaidziwa kale ngakhale sadziwa dzina lake. Ndi ya manambala oyamba ndi nyenyezi, yotchedwa USSD. Wotumiza ndalama pa M-Pesa, imene idafika m'dziko la Mozambique m'chaka cha 2013, amadina *150#. Wa e-Mola, imene kampani ya Movitel idayambitsa m'chaka cha 2016, amadina *898#. Kutsidya kwa nyanja a Airtel Money amadina *211# ndipo a Mpamba amadina *444#. Ubwino wa njirayi ndi wakuti imagwira ntchito pa kafoni kamabatani, sifuna bandulo ya intaneti, ndipo gogo amene sadaonepo kompyuta amaitha. Kuipa kwake n'kwakuti imanyamula mawu ochepa, sitenga zithunzi, imaduka munthu akachedwa kuyankha, ndipo gulu lofuna nambala yakeyake liyenera kupangana ndi makampani a mafoni, zimene zimalira ndalama zambiri.

Mchemwali wake wa njira imeneyi ndi uthenga wa SMS. M'chaka cha 2009 bungwe la UNICEF lidayesa ku Malawi pulogalamu yotchedwa RapidSMS, imene alangizi a zaumoyo ankatumizirapo kulemera ndi msinkhu wa ana a kusikelo. Malipoti amene kale ankatenga miyezi kuti afike ku likulu adayamba kufika tsiku lomwelo. Pambuyo pake kudabwera cStock, imene alangizi omwewo ankadziwitsirapo chipatala kuti mankhwala a malungo kapena a kutsekula m'mimba atsala pang'ono kutha. Zonsezi zidatheka ndi mafoni wamba amene alangiziwo adali nawo kale m'thumba.

Njira yachiwiri ndi tsamba la pa intaneti, limene munthu amalitsekula pa Chrome kapena Opera Mini. Palibe choika mu foni, ndipo womanga akakonza cholakwika pa seva, onse amaona zokonzedwazo nthawi yomweyo. Vuto lake ndi lakuti tsamba wamba limafuna netiweki pa nthawi imene munthu akulemba. Zoona, chibwerereni Movitel m'chaka cha 2012 milongoti ya mafoni idafika m'madera ambiri akumidzi amene kale adalibe. Koma m'boma la Lago mapiri amatsika mpaka kunyanja, ndipo pali magombe amene munthu amachita kukwera pachulu kapena kupalasa bwato kupita pakati kuti foni igwire. Mlembi wa pagombe lotere sangasiye asodzi ali chiimire ndi nsomba kuti iye akasake netiweki. Komanso tsamba lodzaza zithunzi limatha bandulo ngati moto wolusa m'tchire la chilimwe.

Njira yachitatu ndi pulogalamu yoikidwa mu foni ya Android, imene imasunga zolembedwa mu foni momwemo ndi kuzitumiza ku seva pamene netiweki yapezeka. Zotere zilipo zopangidwa kale. Pali ODK, imene idayambira pa yunivesite ya Washington ku America m'chaka cha 2008, pali KoboToolbox imene mabungwe ambiri othandiza anthu amagwiritsa ntchito, ndiponso CommCare, imene pulogalamu ya upSCALE ya azaumoyo a m'midzi otchedwa APE idamangidwapo, kuyambira m'chigawo cha Inhambane. Nayo njirayi ili ndi zovuta zake. Imafuna foni yodula, batire lake limafuna sola tsiku ndi tsiku, ndipo foni ikagwera m'nyanja zolembedwa zisanatumizidwe, zimapita nayo pansi.

Pamenepa kusankha sikovuta kwenikweni. Ngati membala aliyense ayenera kudzionera yekha ndalama zake, njira ya SMS kapena USSD ndi imene siisiya munthu kunja. Ngati wolemba ndi mlembi mmodzi pagombe, pulogalamu yosunga mu foni ndiyo yoyenera. Tsamba wamba limayenera ofesi ya pa Metangula ndi ogula nsomba a ku Lichinga, kumene netiweki sivuta. Masiku ano alipo masamba ena omangidwa moti nawo asunge zolembedwa mu foni, koma womanga akanena zimenezi komiti imupemphe kuti azimitse netiweki pamaso pa onse, alembe nsomba za boti limodzi, kenaka ayatsenso kuti anthu aone ngati zafika. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Zipangizo za womanga

Achinyamata odziwa makompyuta akakumana amatsutsana za maina monga WordPress, Laravel, Django ndi Ruby on Rails, ndipo mkangano wake umafanana ndi wa otsatira Costa do Sol ndi Ferroviário, kapena Bullets ndi Wanderers kutsidya. Aliyense amatama chimene adaphunzira. Kunena zoona, zonse zinayi ndi zaulere, zidayesedwa kwa zaka zambiri, ndipo zimanyamula ntchito zazikulu kuposa za komiti ya pagombe.

WordPress idayamba m'chaka cha 2003 ndipo masamba oposa 40 pa masamba 100 alionse a pa intaneti adamangidwa pa iyo. Imayenera munthu wofuna kulengeza malo ogona alendo, mitengo ya malonda kapena nkhani za mpingo, koma sidapangidwire kusunga buku la ngongole. Ruby on Rails idatuluka m'chaka cha 2004. Django idatuluka m'chaka cha 2005, ndipo idabadwira pa nyuzipepala ya m'tauni ya Lawrence ku Kansas, kumene olemba mapulogalamu ankafuna chipangizo chomangira masamba mwachangu. RapidSMS ija idamangidwa pa Django. Laravel idabwera m'chaka cha 2011 ndipo imagwiritsa ntchito chinenero cha makompyuta chotchedwa PHP, chimene makampani ambiri obwereketsa malo pa seva amachilandira pa mtengo wotsika. Zitatu zomalizazi ndi zimene zimayenera ntchito yosunga maina, ndalama ndi masiku.

Nanga komiti imene sidziwa kusiyana kwa Python ndi PHP isankha bwanji? Isankhe monga mmene msodzi amasankhira injini ya boti. Msodzi wanzeru safunsa za liwiro lokha. Amafunsa ngati pulagi ndi pulopela zake zimapezeka ku Lichinga kapena ku Nkhata Bay, ndiponso ngati makaniko wa pagombe angathe kuitsekula mwera ukaimiza. Ichi n'chifukwa chake injini za Yamaha zidachuluka panyanja. Injini yachilendo ikhoza kuthamanga kuposa zonse, koma tsiku limene yafa imasanduka mpando wa ana pansi pa mtengo wa mango.

Nzeru imeneyi si yatsopano pagombe la Lago. Sitima ya mishoni ya Chauncy Maples, imene idayamba kuyenda panyanja m'chaka cha 1901 ndipo inkayendera midzi ya m'mphepete muno, idapangidwa ku Glasgow koma inkayendera nkhuni, zimene zinkapezeka pagombe lililonse. Ikadafuna mafuta ochokera kutsidya kwa nyanja yamchere, masiku amenewo ikadakhala pa doko miyezi yambiri.

Motero funso lenileni kwa womanga ndi ili: iye atapeza ntchito ku Nampula kapena ku Maputo, ndani wina m'chigawo cha Niassa amene angatsekule pulogalamuyo ndi kuikonza? Ngati angathe kutchula anthu awiri kapena atatu odziwa chipangizo chomwecho, nsanjayo ndi yolimba. Ngati yankho ndi lakuti ndi iye yekha, komiti idziwe kuti yagula injini yopanda makaniko.

Chitsanzo chabwino chili kutsidya kwa nyanja. M'chaka cha 2001 pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe padaikidwa makompyuta odina pagalasi olembera odwala, ndipo ntchitoyi idabala bungwe la Baobab Health. Pambuyo pake mapulogalamu ake adamangidwa pa Ruby on Rails ndipo adafalikira m'zipatala zambiri zopereka ma ARV. Chimene chidalimbitsa ntchitoyi ndi chakuti omanga ndi okonza ake adali achinyamata a ku Malawi komweko, ndipo makinawo adalumikizidwa ku mabatire kuti magetsi akazima ntchito isaime.

Chinanso, si nthawi zonse pamene pamafunika kumanga chatsopano. Chigawo cha Niassa, pamodzi ndi Gaza ndi Inhambane, chidali pakati pa zigawo zoyamba kuyesa pulogalamu ya ziwerengero za m'zipatala yotchedwa DHIS, mothandizana ndi Universidade Eduardo Mondlane ndi yunivesite ya Oslo ku Norway. Yoyambayo inkakhala pa kompyuta iliyonse payokha, ndipo ziwerengero zinkachita kunyamulidwa kupita ku likulu la chigawo. Kuyambira m'chaka cha 2006 kudabwera DHIS2 ya pa intaneti, imene lero ikugwira ntchito m'maiko oposa 70. Unduna wa zaumoyo wa ku Mozambique udaitenga n'kuitcha SIS-MA, ndipo wa ku Malawi nawo umagwiritsa ntchito yomweyo. Ngati maboma athunthu amavomera kumanga pa nsanja imene ilipo kale, komiti yofuna fomu ya mafunso khumi isataye ndalama pomangitsa chatsopano pamene KoboToolbox ikhoza kuchita ntchitoyo m'masiku ochepa.

Kiyi ali ndi ndani?

Mbali yachitatu ndi imene imaiwalika kawirikawiri, koma ndi imene idaliza dziko lonse la Mozambique. Pa 16 November 2018 makina a ATM ndi olipirira m'masitolo a mabanki ambiri adasiya kugwira ntchito kwa masiku angapo. Chifukwa chake chidali mkangano wa malipiro ndi chilolezo pakati pa SIMO, kampani yolumikiza mabanki a m'dzikoli, ndi kampani ya ku Portugal ya Bizfirst imene idali mwini wa pulogalamuyo. Anthu adali ndi ndalama zawo m'banki koma makhadi awo adasanduka mapulasitiki wamba. Pambuyo pake banki yaikulu ya dziko idapangana ndi kampani ina ya Euronet ya ku America.

Ngati zotere zidagwera mabanki okhala ndi maloya ndi akatswiri, kuli bwanji gulu la amayi 25 osunga ndalama pa Ngoo kapena pa Chuanga? Pali makampani amene amalola munthu kumanga pulogalamu mosavuta, pongokoka ndi kudina, koma zonse zimakhala pa seva yawo ndipo sizingasamutsidwe. Tsiku limene akweza mtengo kapena atseka, gulu limatsala manja lende. Ndipo nsanja zimafa ndithu. Adobe Flash idali pa masamba ambirimbiri a dziko lonse, koma pa 31 December 2020 eni ake adaisiya, ndipo amene adamangapo adayenera kuyambiranso. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Apa ndi pamene mapulogalamu otchedwa open source amaposera ena. Mawuwa akutanthauza kuti kapangidwe ka pulogalamu n'kotsekuka kwa aliyense, moti womanga mmodzi akachoka wina akhoza kupitiriza, ndipo seva ikadula gulu likhoza kusamukira kwina ndi katundu wake yense. Django, Laravel, Rails, WordPress, ODK ndi DHIS2 zonse ndi zamtundu umenewu.

Koma kukhala chaulere sikutanthauza kuti palibe cholipira. Malo a pa seva amalipiridwa mwezi ndi mwezi, dzina la tsamba chaka ndi chaka, ndipo uthenga uliwonse wa SMS uli ndi mtengo wake. Zambiri mwa izi zimalipiridwa m'madola kudzera pa khadi la ku banki. Anthu a kutsidya adaona mu November 2023 pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Amene ankalipira seva m'madola adadzuka m'mawa ngongole itakula. Choncho bungwe likanena kuti lilipira zonse, komiti ifunse kuti lilipira mpaka liti, ndipo ikadzatha nthawiyo pamwezi padzafunika meticais zingati. Ngati ndalamazo sizingatuluke m'zopereka za mamembala, pulogalamuyo idzafa tsiku lomwe pulojekiti idzatsekedwe.

Za kumalire

Pali zina zimene womanga wa ku Maputo kapena ku Lilongwe sangaziganize payekha. Pakati pa Cobué ndi chilumba cha Likoma pali madzi ochepa chabe, ndipo anthu amakwatirana, amagulitsana nsomba ndi kupita kuchipatala mbali zonse ziwiri. Nsomba imodzimodziyo imagulidwa ndi meticais lero, mawa ndi kwacha. Pulogalamu yodziwa ndalama ya mtundu umodzi idzasokoneza mlembi. Yolandira manambala oyamba ndi +258 okha idzakana membala amene ali ndi khadi la +265.

Chimodzimodzinso chinenero. Mafunso olembedwa m'Chipwitikizi chokha adzasiya kunja amayi ndi akuluakulu ambiri amene ndi eni ndalamazo. ODK ndi KoboToolbox zimalola fomu imodzi kukhala m'zinenero zingapo, moti Chinyanja, Chiyao ndi Chipwitikizi zikhoza kukhalira pamodzi. Nsomba zilembedwe ndi maina ake, usipa, utaka, chambo, kampango ndi ncheni, ndipo muyeso ukhale wa ndowa kapena beseni umene anthu amagulitsira, chifukwa pagombe pambiri palibe sikelo.

Komiti ifunsenso kuti zolembazo adzaziona ndani. Kuchokera m'chaka cha 2011 mbali ya nyanja ya ku Mozambique ndi malo otetezedwa, ndipo pali malamulo a maukonde ndi nyengo zoletsa kusodza. Ziwerengero zoona zimathandiza kuteteza nsomba kuti ana adzapezenso chosodza. Koma asodzi akamakayika kuti zimene akulemba zidzawabweretsera chindapusa, adzalemba zabodza, ndipo foni yodzaza mabodza ilibe phindu kuposa kope lonyowa. Nkhani imeneyi ikambidwe poyera, pamaso pa amfumu, pulogalamu isanayambe.

Pomaliza, pangano lililonse lilembedwe papepala ndi kusainidwa. Linene kuti zolembedwa ndi za gulu, kuti mawu achinsinsi otsekulira seva asungidwe ndi anthu awiri a m'komiti kuwonjezera pa womanga, ndiponso kuti mwezi uliwonse zonse zizitulutsidwa pa Excel kapena kusindikizidwa papepala ndi kuwerengedwa pamsonkhano. Kope lakale lisatayidwe msanga. Liyende limodzi ndi foni kwa chaka chathunthu, kuchokera mwera uno mpaka mwera wina, kuti anthu aone ngati ziwerengero zikugwirizana.

Mnyamata kapena mtsikana amene wabwera ndi luso limeneli ayenera kulandiridwa ndi manja awiri, chifukwa ndi mwana wa m'mudzi amene wakumbuka kwawo. Kumufunsa mafunso amenewa si kumukayikira. Womanga wabwino amayankha mosavuta, ndipo nthawi zambiri amakondwa kuti akuluakulu akufuna kumvetsa ntchito yake. Amene amakwiya akafunsidwa za kiyi, za makaniko ndi za malipiro a chaka chamawa ndi amene komiti iyenera kumuchenjerera. Akale adati safunsa adadya phula, ndipo ndalama zimene zili m'mabuku amenewa ndi thukuta la anthu amene amagona panyanja usiku wonse.